Mbiri ya Ng'ombe Kum'mawa kwa Zambia ndi Phindu la Khola Laling'ono

Aphunzitsi ndi ana asukulu nonse, makamaka inu a ku Vubwi, ku Katete ndi ku Sinda, phunziro lathu la mbiri yakale likunena za ng'ombe. Ambiri a inu mumazidziwa bwino ng'ombe. Mumazitsekulira m'mawa, mumapita nazo kudambo, ndipo ena mumatha kugwira chingwe pamene atate kapena amalume akulima. Koma kodi munadzifunsapo kuti ng'ombezo zinachokera kuti, ndi kuti makolo athu anakumana ndi zotani poziweta? Kuyambira chaka cha 1835 kufikira lero, makola a m'chigawo chino akhala akudzaza ndi kuphwa kangapo konse, chifukwa cha nkhondo, matenda, kuchepa kwa malo ndi chilala. Tikatsata mbiri imeneyi tipeza yankho la funso limene limavuta alimi ambiri: kodi khola laling'ono, la ng'ombe zisanu kapena khumi, lingampindulire bwanji mwini wake?

Dziko Lake

Tiyambe ndi dziko lenilenilo. Vubwi anakhala boma payekha m'chaka cha 2012; kale konse dera limeneli, la Mfumu Pembamoyo, linali mbali ya boma la Chadiza. Chaka chomwecho anakhazikitsanso boma la Sinda, potapa malo ku Katete ndi ku Petauke. Vubwi ali pangodya pamene Zambia wachita malire ndi Malawi ndiponso Mozambique, ndipo mbali zonse zitatu za malirewo kuli Achewa amene mfumu yawo yaikulu ndi Kalonga Gawa Undi wa ku Mkaika.

Dziko lonseli ndi lokwera, la mapiri ndi madambo. Mvula imagwa kuyambira mu Novembala kufikira cha mu Epulo, kenaka pamabwera miyezi yambiri yopanda mvula. Munthu akalowera kumpoto chakumadzulo, dziko limatsika kufikira m'chigwa cha Luangwa, kumene kuli nyama zambiri zam'tchire ndi ntchentche za kashembe. Ntchentche imeneyi ikaluma ng'ombe imasiya tizilombo m'magazi, ng'ombe nkuyamba kuwonda mpaka kufa. Nchifukwa chake ng'ombe za m'chigawo chino zakhala zikuwetedwa kumtunda kuno. Sungani zinthu ziwirizi m'mutu, chilimwe chachitali ndi kashembe, pakuti tikumana nazo kawirikawiri m'nkhani yathu.

Achewa ndi Angoni

Achewa akale anali anthu a khasu. Chuma chawo chinali mapira, mawere, chimanga, chitsulo chimene ankasula, ndi minyanga ya njovu imene ankagulitsa kwa amalonda ochokera ku Tete. Ziweto zinalipo, monga mbuzi ndi nkhuku, ndipo ena anali nazo ng'ombe. Koma moyo wa mudzi sunadalire khola. Pa ukwati wa Chichewa mwamuna ankapita kuchikamwini, kukalima munda wa apongozi, ndipo panalibe zopereka ng'ombe.

Mu Novembala 1835, tsiku limene kunachita kadamsana, Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo. Anthu amenewa anachokera kummwera kwenikweni kwa Afirika, kumene ng'ombe inali pakati pa zonse. Mudzi wa Chingoni unkamangidwa mozungulira khola. Milandu inkakambidwa pafupi ndi khola, mkazi ankamulowola ndi ng'ombe, ndipo zishango za ankhondo zinali za chikopa cha ng'ombe. Zwangendaba atamwalira ku Ufipa, m'dziko limene lero ndi Tanzania, anthu ake anagawikana. Mwana wake Mpezeni anabwerera kummwera, nakhala kwa Ansenga zaka zingapo, ndipo cha m'ma 1870 anakhazikika m'dera limene lero kuli Chipata.

Angoni anasonkhanitsa ng'ombe zambiri, zina zolanda pankhondo. Mtundu wa ng'ombe umene uli m'makola athu lero umatchedwa ndi dzina lawo, Angoni. Ndi ng'ombe ya linunda ndi nyanga zazifupi, yosakula thupi kwambiri, ndipo imapezekanso ku Malawi ndi ku Angonia m'chigawo cha Tete. Imasiyana ndi ng'ombe ya Barotse ya kumadzulo kwa dziko lino, imene ili ndi nyanga zazitali. Ubwino wa ng'ombe ya Angoni ndi kupirira: imayenda mtunda wautali, imatha kukhala ndi msipu wochepa, ndipo imalimbako ku nkhupakupa kuposa ng'ombe zochokera kunja. Ulemu umene Angoni amapereka kwa ng'ombe umaonekabe pa mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni mwezi wa Febuluwale, pamene amabaya nkhunzi yakuda pamaso pa Inkosi ya Makhosi Mpezeni.

Zaka za Tsoka

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kunagwa masoka awiri. Loyamba linali mliri wa ng'ombe wotchedwa rinderpest. Mliriwu unalowa mu Afirika cha m'ma 1887 pa doko la Massawa ku Eritrea, ndi ng'ombe zimene Ataliyana anabweretsa pa sitima zapamadzi. Unatsika ndi dziko lonse la kum'mawa kwa Afirika, nuoloka Zambezi mu 1896. M'madera ambiri, mwa ng'ombe khumi zilizonse zisanu ndi zinayi zinafa. Njati ndi nyama zina zam'tchire nazonso zinafa zambirimbiri, kotero kuti kashembe, posowa magazi oyamwa, anayamba wachepa kwa zaka zingapo. Matenda amenewa kulibenso tsopano. Katemera amene anakonza Walter Plowright ku Kenya anathandiza kuwagonjetsa, ndipo mu 2011 kunalengezedwa kuti atheratu pa dziko lonse lapansi.

Tsoka lachiwiri linali nkhondo. Mzungu wina wa ku Germany, Carl Wiese, ankanena kuti Mpezeni anampatsa dziko, ndipo pepala lake linafika m'manja mwa kampani ya North Charterland, imene inkaganiza kuti m'dziko la Angoni muli golide. Mu Januwale 1898 asilikali a Angerezi ochokera ku Nyasaland anathira nkhondo Angoni. Mikondo inalephera pamaso pa mfuti zazikulu. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene ankatsogolera ankhondo, anagwidwa ndi kuomberedwa, midzi inatenthedwa, ndipo ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Chuma chimene chinasonkhanitsidwa pa zaka zambiri chinachoka pa masabata owerengeka. Pafupi pomwepo azungu anamanga Fort Jameson, mzinda umene lero timautcha Chipata.

Malo Ochepa, Ng'ombe Zowonda

Golide sanapezeke monga ankayembekezera, choncho kampani ija inayamba kugulitsa malo kwa azungu olima fodya ndi oweta ng'ombe. Anthu akuda anawaikira msonkho, ndipo kuti apeze ndalama ya msonkhowo amuna ambiri ankapita kukagwira ntchito m'mafamu a fodya, kapena kuyenda pansi ulendo wautali wa ku Southern Rhodesia. Ena pobwerera ankagula ng'ombe ndi ndalama zimene anasunga. Umo ndi mmene mabanja ambiri a Achewa anayambira kukhala ndi makola.

Mu 1928 boma la atsamunda linadula malo osungira anthu akuda, ndipo midzi yambiri inasamutsidwa kuchoka pa nthaka ya makolo ake. Zotsatira zake zinali zoipa mbali zonse ziwiri. M'malo osungidwawo anthu ndi ziweto anapanikizana. Msipu unatha, mitengo inadulidwa, madambo anakumbika ndi madzi, ndipo ng'ombe zinkafika mwezi wa Okutobala nthiti zili pamtunda. Kumalo kumene anthu anachotsedwa, azungu amene ankayembekezeka sanabwere ambiri. Tchire linamera, nyama zinachulukanso, ndipo kashembe anakwera kuchokera kuchigwa nalowa m'malo amene kale munali minda. Boma litaona kuti zinthu zafika poipa, linagula dziko la North Charterland mu 1941 niliyamba kubwezera anthu m'malo ena.

Zaka zimenezi zinaonetsa poyera kuti chiwerengero cha ng'ombe chiyenera kulingana ndi msipu. Ng'ombe makumi awiri pa udzu wokwanira ng'ombe khumi zimabereka mochedwa, zimapereka mkaka wochepa, ndipo zimalephera kukoka pulawo mvula yoyamba ikagwa.

Panalinso vuto lina limene ng'ombe zinabweretsa m'midzi ya Achewa. Mwa mwambo wathu, chuma cha munthu chinkapita kwa abale a kuchikazi, makamaka ana a mlongo wake. Tsono bambo akagula ng'ombe ndi thukuta lake, ana ake obereka nkuziweta zaka zambiri, mwini ng'ombe zija ndani iye akamwalira? Max Marwick, amene anakhala pakati pa Achewa a chigawo chino m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 kuphunzira za moyo wawo, anapeza kuti ng'ombe zinali chimodzi mwa zinthu zoyambanitsa pachibale. Khola limene eni ake sakugwirizana silipindula, pakuti palibe amene amafuna kugula mankhwala a ng'ombe imene mawa adzalandidwa, ndipo palibe amene angagulitse popanda mlandu. Banja lanzeru limakambirana mwini ng'ombe akali moyo, pamaso pa a mfumu, kuti iyi ndi ya uje, iyo ndi ya uje.

Pulawo ndi Ngolo

Kwa zaka zambiri ng'ombe inali nkhokwe chabe ya chuma, yoigwira pa maliro, pa mlandu kapena pa njala. Chimene chinasintha zinthu ndi goli. Kuyambira mu 1948 boma linayambitsa m'chigawo chino dongosolo la mafamu ang'onoang'ono a anthu akuda, mmene mlimi ankalandira pa ngongole ng'ombe zolimira, pulawo ndi ngolo, nalangizidwa kulima mbewu mosinthanitsa ndi kuthira manyowa. Amene analowa m'dongosololi anali owerengeka, koma anzawo anaona ndi maso. Munda umene banja linkatha masabata likulima ndi makasu, ng'ombe ziwiri zinkaumaliza pa masiku ochepa. Mtedza wa Chalimbana, umene unatchukitsa chigawo cha Kum'mawa, unkafika kumsika pa ngolo.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, alangizi a zaulimi anapitiriza kuphunzitsa kulima ndi ng'ombe, ndipo alimi ambiri anakaphunzira ku Katopola pafupi ndi Chipata. Mathirakitala anayesedwa, koma ankafuna mafuta ndi zitsulo zochokera kunja, ndipo akawonongeka ankangokhala. Ng'ombe inkadya udzu wa kudambo, nkubereka inzake yodzalowa m'malo mwake.

Apa ndi pamene pali phindu loyamba la khola laling'ono, ndipo alimi ambiri saliwerengera chifukwa silibwera ngati ndalama m'manja. Mlimi wokhala ndi ng'ombe zake amabzala ndi mvula yoyamba, pamene wobwereka amadikira kuti mwini ayambe wamaliza, ndipo chimanga chobzala mochedwa chimabereka pang'ono. Akamaliza wake munda, amalimira anzake namulipira. Ngolo imatuta chimanga, thonje, njerwa ndi nkhuni, ndipo usiku imathamangitsa wodwala kuchipatala. Ndowe za m'khola, zikasakanizidwa ndi mapesi ndi kusiyidwa kuti ziwolerane, zimabwezera mphamvu m'nthaka ndi kuchepetsa feteleza wogula. M'zaka za m'ma 1990 kunabweranso chipangizo chong'ambira mizere chotchedwa Magoye ripper, chimene chimalola mlimi kukonza munda mvula isanagwe. Komabe zonsezi zimafuna ng'ombe yamphamvu mu Novembala, ndiye kuti ng'ombe imene inadya bwino m'chilimwe.

Chigodola ndi Katemera wa Katete

Mdani wamkulu wa khola m'chigawo chino wakhala chigodola, matenda amene m'mabuku a zaziweto amatchedwa East Coast fever. Amayamba ndi kachilombo kotchedwa Theileria parva, kamene kamafalitsidwa ndi nkhupakupa yofiirira yokonda kukhala m'makutu a ng'ombe. Ng'ombe ikadwala imatupa mwanabere pansi pa khutu ndi patsogolo pa phewa, imatentha thupi, imaleka kudya, imapuma movutika, ndipo pomaliza imatuluka thovu m'mphuno. Kawirikawiri imafa pasanathe masabata atatu kapena anayi chiilumireni nkhupakupa.

Mbiri ya matendawa ili ndi chenjezo. Mliri wa rinderpest utatha, azungu a ku Southern Rhodesia anafuna kudzazanso makola awo, ndipo cha m'ma 1901 anaitanitsa ng'ombe kuchokera kugombe la kum'mawa kwa Afirika kudzera pa doko la Beira. Ng'ombezo zinabwera ndi chigodola, chimene chinapha ng'ombe zosawerengeka kummwera konse. M'dziko lathu lino matendawa anaonekera koyamba mu 1922 kufupi ndi Nakonde, ndipo pambuyo pake anafika kuno kum'mawa ndi kufalikira pang'onopang'ono. Inu a ku Vubwi, amene msika wa tsidya lina la malire uli pafupi nanu kuposa wa ku Chipata, kumbukirani nkhani imeneyi. Ng'ombe yotsika mtengo yogula usiku, yopanda chikalata cha a zaziweto, ikhoza kupululutsa khola lonse. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ng'ombe yachilendo iyambe yakhala payokha masabata angapo isanasakanikirane ndi zinzake.

Njira yoyamba yolimbana ndi chigodola inali dibi. Boma linamanga madibi m'midzi, ndipo ng'ombe zinkasambitsidwa m'mankhwala opha nkhupakupa. Njirayi inkathandiza pokhapokha mankhwala alipo ndipo aliyense akubweretsa ziweto zake. Chuma cha dziko chitayamba kuvuta, makamaka kuyambira m'zaka za m'ma 1990 pamene boma linachepetsa thandizo laulere kwa alimi, madibi ambiri anauma.

Njira yachiwiri inatulukira ku Muguga m'dziko la Kenya m'zaka za m'ma 1970. Thole limabayidwa tizilombo tamoyo ta chigodola toyezedwa bwino, ndipo nthawi yomweyo limabayidwanso mankhwala otchedwa oxytetracycline, amene amafooketsa tizilomboto. Thole limadwala pang'ono nkuchira, ndipo thupi lake limakhala litaphunzira kudziteteza kwa zaka zambiri. Madokotala a ziweto a dziko lino, pamodzi ndi anzawo ochokera ku Belgium, anatenga kachilomboka m'ng'ombe za kwathu konkuno nakonza katemera woyenera chigawo chino, amene anayamba kubaya mathole kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Mtundu wa kachilombo umenewo anautcha Katete, ndipo dzinali limapezeka m'mabuku a akatswiri a ziweto m'maiko ambiri. Ku chigawo cha Kummwera amagwiritsa ntchito mtundu wina wotchedwa Chitongo.

Katemerayu amateteza ku chigodola chokha. Nkhupakupa zimabweretsanso matenda ena ndi zilonda, choncho kusambitsa kapena kupopera ng'ombe, makamaka m'dzinja pamene nkhupakupa zachuluka, sikunathe ntchito. Kashembe nayenso anamenyedwa nkhondo yake. Kuyambira mu 1986 maiko a Zambia, Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe anagwirizana pa ntchito yomuchepetsa, ndipo m'tchire munaimikidwa nsalu zakuda ndi zobiriwira ngati thambo, zonyikidwa m'mankhwala, zimene ntchentcheyo imaterapo nkufa.

Chilala ndi Msika

Chilala cha 1992 chinaumitsa madambo ndi zitsime kummwera konse kwa Afirika. Cha 2024 chinali choopsanso, kotero kuti pa 29 Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa tsoka. Nthawi zotere zimaonetsa chinthu chimodzi chokhachokha: njala ikafika aliyense amagulitsa ng'ombe nthawi imodzi, ng'ombezo zili zowonda, ndipo mtengo umagwa pamene wa chimanga ukukwera.

Kale bungwe la boma la Cold Storage Board ndilo linkagula ng'ombe zambiri. Masiku ano mlimi amakumana ndi ogula oima paokha, mabutchala ndi makampani a nyama, ndipo mtengo umatsata kulemera ndi kunona kwa ng'ombe. Nthawi yabwino yogulitsa ndi cha mu Meyi ndi Juni, ng'ombe zitadya msipu wa dzinja lonse. Zoyenera kugulitsa ndi ng'ombe zolimira zimene zayamba kukalamba, zazikazi zimene zatha zaka ziwiri kapena zitatu osabereka, ndi nkhunzi zosafunika. Msinkhu wa ng'ombe umadziwika ndi mano: mano awiri oyamba aakulu amamera ili ndi zaka pafupifupi ziwiri, ndipo ikafika zaka zinayi kapena zisanu amakhala atakwana asanu ndi atatu. Mano akayamba kuperepeseka, ng'ombe ikudya udzu umene ukanalera msoti. Mlimi amene amadziwa kuyeza chifuwa cha ng'ombe ndi tepi yoyezera kulemera sanyengedwa ndi wogula wongoyang'ana ndi maso, ndipo alimi akagulitsa pamodzi m'gulu mawu awo amamveka. Mutu umodzi susenza denga.

Masamu a Khola

Tsopano tiyeni tiwerenge, monga timachitira pa phunziro la masamu. Tiyerekeze alimi awiri, aliyense ali ndi ng'ombe zazikazi zobereka 6. Za woyamba zimawonda m'chilimwe, motero iliyonse imabereka kamodzi pa zaka ziwiri. Pa chaka amapeza mathole 3, ndipo limodzi limafa ndi chigodola. Pa zaka zisanu abadwa mathole 15, afa 5, atsala 10. Wachiwiri amasunga chakudya cha m'chilimwe ndipo amabayitsa katemera. Pa chaka amapeza mathole 4. Pa zaka zisanu abadwa 20, afa 2, atsala 18. Makola awiriwa anayamba ofanana, koma wachiwiri wapambana mnzake ndi ng'ombe 8 popanda kugula ngakhale imodzi.

Kodi wachiwiriyo amachita zotani? Ng'ombe imakhala ndi bere miyezi isanu ndi inayi, ndipo ikakhala ndi thupi labwino imatha kutenganso bere patapita miyezi itatu chiberekereni. Chimene chimaichedwetsa ndi njala. Choncho iye akakolola satentha mapesi, koma amawaunjika pa thandala pamodzi ndi masamba a mtedza ndi a soya. Amamweta udzu usanaume kwambiri, nauumitsa ndi kuusunga pouma. Amasunga gaga ndi zotsalira za mpendadzuwa woyenga mafuta, ndipo mu Seputembala ndi Okutobala amapatsa ng'ombe zabere, zoyamwitsa ndi zolimira. Amaonetsetsa kuti zamwa madzi okwanira tsiku lililonse, pakuti ng'ombe yaikulu nthawi yotentha imatha malita 30 kapena 40. Salola moto wolusa kudambo. Thole likabadwa amaonetsetsa kuti layamwa mkaka woyamba wachikasu uja m'maola oyambirira, chifukwa ndiwo umaliteteza ku matenda, ndipo pokama amalisiyira gawo lake. Khola la mathole limakhala ndi denga ndi pogona pouma. Amafula tinkhunzi tosafunika tikali tating'ono, ndipo amasinthana nkhunzi ndi a mudzi wina pakapita zaka zingapo, kuti nkhunzi isakwere ana ake omwe.

Ena amafunsa za ng'ombe za mitundu yakunja. Nkhunzi ya Boran kapena ya Brahman imabereketsa ana okula thupi, ndipo ng'ombe za Friesian ndi Jersey zimapereka mkaka wambiri. Koma ng'ombe yaikulu imadyanso kwambiri, ndipo za mkakazo zimagwa msanga ndi nkhupakupa. Walira mvula walira matope. Mlimi ayambe wakonza chakudya, madzi ndi mankhwala, pambuyo pake ndiye aganize zosintha mtundu.

Chida chotsika mtengo kuposa zonse ndi kope ndi pensulo. Mulembedwe dzina la ng'ombe iliyonse, tsiku limene inabereka, tsiku la katemera, ndalama zimene zatuluka ndi zimene zalowa, kuphatikizapo za maganyu a pulawo ndi ngolo. Popanda kope mlimi sadziwa ng'ombe imene ikumudyetsa ndi imene ikumudyera.

Mbusa ndi Sukulu

Tifike tsono pa nkhani imene ikukhudza inu eni ake. M'maboma a Katete, Sinda, Chadiza ndi Vubwi muli chizolowezi chakuti mnyamata amalembedwa ubusa kwa zaka zitatu kapena zinayi, ndipo pomaliza amalandira ng'ombe imodzi. Kwa banja losauka, imeneyi imaoneka ngati njira yokhayo yoyambira khola, ndipo sitingawaseke makolo amene amaganiza chotero. Koma zaka zimenezo ndi zomwe mwana akanaphunzira kuwerenga ndi kulemba. Iye amabwera ndi ng'ombe yake kumudzi, osatha kuwerenga muyezo wolembedwa pa botolo la mankhwala, osatha kulemba m'kope, osatha kutsutsa wogula pa sikelo. Taona kale m'mbiri yathu kuti ng'ombe imodzi ikhoza kufa ndi chigodola pa masabata atatu. Zimene mwana waphunzira m'kalasi palibe nkhupakupa ingazilume.

Kuyambira mu 2022 maphunziro m'sukulu za boma ndi aulere kufikira kusekondale, ndipo mafumu athu akhala akudzudzula mchitidwe wochotsa ana pasukulu chifukwa cha ubusa. Njira zilipo. Mabanja akhoza kuphatikiza ng'ombe zawo, akuluakulu nkumaweta mosinthana masiku. Mudzi ukhoza kupatula malo a msipu ndi kuwatchinga. Ana angathe kuthandiza Loweruka ndi pa tchuthi, ndipo ntchito yolemba m'kope la khola iwayenera kwambiri, anyamata ndi atsikana omwe. Mwana wa ng'ombe amadya udzu poonera amake. Nayenso mwana wa mlimi adzaweta monga anaonera kwawo, kuonjezapo zimene waphunzira kwa aphunzitsi ake.

Makola a Mpezeni anali aakulu kwambiri, koma anatha pa nyengo imodzi. Amene anadzazanso dziko lino ndi ng'ombe anali alimi wamba, oyamba ndi msoti umodzi wogula ndi ndalama ya ku Salisbury kapena ya mtedza, nausamala mpaka utabereka. Ntchito yomweyo ili m'manja mwa mabanja a ku Vubwi, ku Katete ndi ku Sinda lero, ndipo iwo ali ndi katemera, alangizi ndi sukulu, zimene agogo awo analibe.

Zochita M'kalasi

1. Jambulani mapu a chigawo cha Kum'mawa. Onetsani Vubwi, Katete, Sinda, Chipata, mtsinje wa Luangwa ndi malire a Malawi ndi Mozambique.

2. Lembani zimene zinachitika m'zaka izi: 1835, 1898, 1928, 1941, 2012.

3. Fotokozani chifukwa chake kashembe anachuluka pamene anthu anasamutsidwa m'midzi yawo.

4. Mlimi ali ndi ng'ombe zazikazi 8, ndipo theka la izo limabereka chaka chilichonse. Ngati thole limodzi limafa pa chaka, adzakhala ndi mathole angati pakatha zaka zinayi?

5. Funsani agogo kapena a mfumu kuti ng'ombe zoyamba zinafika liti m'mudzi mwanu, ndipo anazipeza bwanji. Aphunzitsi asonkhanitse mayankho onse, ndipo ngati nkotheka aitane mlangizi wa zaziweto adzaonetse ana nkhupakupa ya m'khutu ndi kayezedwe ka ng'ombe ndi tepi.